Kusamukira ku Nsapato Zothamangira Zopepuka, Zachidendene Chotsika, Osavulala

Funso ili limandipeza tikamaliza kuthamanga Loweruka, limandipezanso pa WhatsApp pakati pa sabata: "Ndapeza nsapato yopepuka, yafulati pansi. Ndingayambe kuithamangira mawa?" Ochepa amafunsa asanagule. Ambiri amafunsa patapita mwezi, akutsimphina kale. Ndalemba yankho lonse pano kuti wofunsa aliyense ndizingomutumizira.

Musanawerenge zina zonse, gwirani ichi. Minofu ya akatumba imazolowera nsapato yatsopano m'masabata ochepa, koma mtsempha waukulu wa kuseri kwa kakolo ndi timafupa ta m'phazi zimafuna miyezi. Choncho nthawi yoopsa si sabata yoyamba, pamene miyendo ikuphwanya ndipo mukudzisamala nokha. Yoopsa ndi ija mwayamba kumva bwino.

1. Siyanitsani zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza

Choyamba ndi drop. Uku ndi kusiyana kwa kutalika pakati pa pamene paponda chidendene ndi pamene paponda kutsogolo kwa phazi, ndipo kumayezedwa m'mamilimita. Ngati pansi pa chidendene pali mamilimita 32 ndipo pansi pa zala pali 22, drop ndi 10. Nsapato zambiri zimene tinazolowera, monga Nike Pegasus ndi Brooks Ghost, zakhala pakati pa 10 ndi 12 kwa zaka zambiri. Saucony Kinvara ili pa 4. Altra inatchuka ndi nsapato za 0, zimene chidendene ndi zala zimakhala pamlingo umodzi ngati mwaima pasimenti.

Chachiwiri ndi kuchindikala kwa soli, kapena kuti kuchuluka kwa siponji yokulekanitsani ndi msewu. Chachitatu ndi kulemera kwa nsapato.

Zitatuzi siziyendera limodzi nthawi zonse. Altra ina ili ndi drop ya 0 koma siponji yochindikala. Vibram FiveFingers, nsapato yopyapyala imene chala chilichonse chimalowa pachokha, ili ndi drop ya 0 komanso siponji palibe. Nsapato za mpikisano za masiku ano n'zopepuka kwambiri koma zazitali, mpaka bungwe loyendetsa mipikisano yothamanga padziko lonse la World Athletics linaika malire a mamilimita 40 pa kuchindikala kwa soli mu 2020. Munthu akandiuza kuti wagula "nsapato yopepuka" sindinadziwebe kanthu, ndiyenera kumufunsa zitatu zonsezi.

Chilichonse chimasintha china m'thupi. Drop ikatsika, kakolo amapindika kwambiri pa kuponda kulikonse, ndiye katumba ndi mtsempha wa Achilles, uja wolumikiza katumba ndi chidendene, zimakokedwa kuposa kale, pamene bondo limapepukidwako. Siponji ikachepa, ambiri amayamba kuterera kutsogolo kwa phazi, ndipo timafupa titalititali ta pakati pa phazi, makamaka totsata chala chachiwiri ndi chachitatu, timasenza katundu wochuluka. Kulemera kukachepa mumasunga mphamvu: ofufuza anapeza kuti magalamu 100 alionse pa nsapato amaonjezera pafupifupi 1 peresenti pa mpweya umene thupi limafuna pothamanga. Nsapato yotsika sichotsa katundu pamwendo, imangomusamutsa kuchoka pabondo kupita kumunsi.

2. Onani ngati muyeneradi kusintha

Ngati mwathamanga chaka chonse osavulala mu nsapato zimene muli nazo, palibe chokukakamizani. Ku Luxembourg, Laurent Malisoux ndi anzake anapatsa othamanga 553 nsapato za drop ya 10, 6 ndi 0, n'kuwatsatira miyezi 6. Zotsatira zake zinatuluka mu 2016: kuwatenga onse pamodzi, kuvulala sikunasiyane kwenikweni. Koma pakati pa othamanga pafupipafupi, a nsapato zotsika anavulala kwambiri, pamene othamanga apo ndi apo zinawayendera bwino. Izi zikutsutsana ndi zimene ambiri timaganiza. Katswiri wa makilomita ambiri ndiye ali pachiopsezo, chifukwa thupi lake linazolowera nsapato imodzi ndipo mapapo ake amamulola kupitirira pamene mapazi atopa kale. Ngakhale kampani ya Vibram inavomera mu 2014 kulipira madola 3.75 miliyoni ku America pa mlandu wokhudza zimene inkalengeza, zoti nsapato zake zimalimbitsa mapazi ndi kuchepetsa kuvulala.

Zifukwa zabwino zosinthira nsapato zilipo: bondo lopweteka kutsogolo limene silikusintha, kufuna nsapato yopepuka ya mpikisano, kapena kufuna phazi lomva nthaka bwino pothamanga m'phiri.

Koma dikirani kaye ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani. Mtsempha wa Achilles kapena pansi pa chidendene panakupwetekani m'miyezi ingapo yapitayi. Fupa la m'phazi kapena la msongolo linang'alukapo chifukwa chothamanga. Muli ndi matenda a shuga ndipo mapazi amachita dzanzi. Mpikisano wanu uli pasanathe miyezi itatu. Kwa amayi ndi atsikana, ngati kumwezi kwayamba kudumphadumpha kapena kwasiya chifukwa chothamanga kwambiri n'kumadya pang'ono, mafupa amakhala ofooka, ndipo zimenezi zikufunika achipatala musanaganize za nsapato.

Palinso mankhwala. Ciprofloxacin, amene ambiri timangoti cipro, amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu, ndipo amadziwika kuti amafooketsa mitsempha ngati wa Achilles mpaka nthawi zina kuduka. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaika chenjezo lamphamvu pa mankhwala a gulu limeneli mu 2008. Chiopsezo chimakula kwa opitirira zaka 60 ndi kwa amene akumwanso prednisolone. Musasiye mankhwala panokha, koma siyani kuthamanga, ndipo muuzeni dokotala kuti ndinu wothamanga.

Anthu athupi lolemera achite pang'onopang'ono koposa. Kafukufuku wa Joel Fuller ndi anzake ku Australia mu 2017 anaonetsa kuti othamanga olemera ankavulala kwambiri mu nsapato zopyapyala, ndipo ululu unkachuluka kwa opitirira makilomita 35 pa sabata.

Ndiyankhe pano mawu amene ndimawamva kwambiri kwathu kuno: "Ine ndinakula osavala nsapato, phazi langa ndi lolimba." Zili ndi choonadi chake. Daniel Lieberman wa ku Harvard, pa kafukufuku wake wa mu 2010, anaona kuti ana a ku Rift Valley ku Kenya okula opanda nsapato ambiri amatera mofewa, kutsogolo kwa phazi. Abebe Bikila anapambana marathon ya Olimpiki ku Rome mu 1960 alibe nsapato. Koma mtsempha ndi fupa zimatsata ntchito imene mwazipatsa miyezi yapitayi, osati imene munazipatsa muli Sitandade 5. Ngati mwakhala zaka khumi mu nsapato za ku ofesi zachidendene chokwera, n'kumathamangira drop ya 12, dziyeseni woyamba kumene. Amene amayendabe mitunda tsiku ndi tsiku mu masilipasi kapena opanda nsapato ali patsogolo pang'ono, komabe kuyenda si kuthamanga: pothamanga phazi limalandira mphamvu yoposa kuwirikiza kawiri kulemera kwa thupi.

3. Yesani miyendo yanu musanawononge ndalama

Vulani nsapato. Imani ndi mwendo umodzi, chala cha dzanja chikukhudza khoma kuti musagwe, ndipo nyamulani chidendene mpaka pamwamba penipeni, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono. Werengani. Wothamanga wokonzeka afike cha m'ma 25 mwendo uliwonse. Mukalekera pa 12, kapena mwendo wina ukaposa unzake kwambiri, yambani ndi gawo 5 ndipo mukhalepo mwezi wathunthu.

Kenako yang'anani khoma, chala chachikulu cha phazi chitalikirane nalo masentimita 10, ndipo pindani bondo kuti likhudze khoma chidendene chisananyamuke. Likakanika kufika, kakolo wanu ndi wouma, ndipo nsapato yotsika idzafuna kupindika kumene mulibe.

4. Gulani yotsika pang'ono chabe, ndipo sinthani chinthu chimodzi

Dziwani kaye drop ya nsapato imene mukuvala pano. Dzina ndi nambala yake zimakhala pambali kapena kunsi kwa lilime la nsapato, zilembeni pa intaneti mupeza. Musayeze ndi lula kunja, chifukwa m'mbali mwa soli mumakwera kuposa pamene phazi limakhala.

Langizo langa ndi loti musatsike kuposa mamilimita 4 nthawi imodzi. Wochokera pa 12 apite pa 8, wochokera pa 10 apite pa 6. Ngati cholinga chanu ndi 0, mudzafika, koma modutsa pakati, ndipo ndi ulendo wa theka la chaka kapena kuposerapo. Komanso mukatsitsa drop, siponji ikhale yofanana ndi yakale. Kutsitsa drop ndi kuchotsa siponji tsiku limodzi ndi kumenya mtsempha ndi mafupa nthawi imodzi.

Ambiri a ife timagula pakaunjika, ndiye pakufunika maso. Ikani nsapato pamalo osalala muiyang'ane kumbuyo, ngati yapendekera mbali imodzi isiyeni, chifukwa idzapendeketsa mtsempha wanu pa kuponda kulikonse. Yang'anani makwinya akuya m'mbali mwa siponji. Siponji ya nsapato zambiri imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndipo pamwamba pamatha kuoneka patsopano pansi patafa kale. Ipindeni ndi manja: ipindikire pamene zala zimapindikira, osati pakati. Nsapato zachinyengo zokhala ndi dzina lotchuka ziliponso zambiri, ndipo manambala a pa intaneti sazikhudza. Yesani madzulo mapazi atatupako, mutavala masokosi othamangira, ndipo patsale mpata wa chala chachikulu cha dzanja kutsogolo. Zala zizitha kutambasuka.

Nsapato yakale musaigulitse kapena kupatsa mng'ono wanu. Muifunabe kwa miyezi ingapo.

5. Limbitsani akatumba, ndipo yambani ndi kuyenda

Masabata awiri oyamba, nsapato yatsopano ndi yoyendera basi. Pitani nayo kumsika, kutchalitchi, kokwerera minibasi, mphindi 30 mpaka ola limodzi patsiku. Kuthamanga kupitirire mu yakale.

Pa nthawi yomweyi yambani mafizo, katatu pa sabata. Imani pa sitepe kapena m'mphepete mwa khonde, zidendene zili lende. Kwerani ndi miyendo yonse iwiri, tsikani ndi umodzi mowerenga mpaka 3. Chitani ka 15, maulendo atatu, bondo lili chiwongokere. Kenako bwerezani bondo litapindika pang'ono. Chachiwirichi ambiri amachisiya, koma ndicho chimagwira mnofu wa m'kati mwa katumba, umene umasenza katundu wamkulu pothamanga mtunda wautali. Zikayamba kuphweka, berekani chikwama muikemo mabuku kapena mabotolo a madzi. Njira imeneyi inatchuka ndi dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, amene mu 1998 anaonetsa kuti imathandiza odwala mtsempha wa Achilles akaichita masabata 12.

Kwa phazi lenilenilo, imani ndi mwendo umodzi opanda nsapato kwa mphindi imodzi, ndipo phunzirani kukanikiza chala chachikulu pansi uku mukunyamula zinayi zinazo. Ngati mukufuna kuyenda opanda nsapato kuti phazi lilimbe, chitirani m'nyumba kapena pabwalo loyera. Pa dothi lonyowa pamene anthu ndi ziweto zimaipitsa, njoka za m'mimba zimalowera pakhungu la phazi, ndipo m'fumbi mwina muli matekenya.

Mafizowa musawasiye mukayamba kuthamangira nsapato yatsopano. Ingowachitani mukamaliza kuthamanga, osati musanayambe.

6. Yambani ndi mphindi, osati makilomita

Ndondomeko iyi ndi ya munthu wothamanga kanayi pa sabata, makilomita pafupifupi 30, amene akutsika mamilimita 4. Mphindi zotchulidwazi ndi za nsapato yatsopano. Zotsalazo mumalizire mu yakale, kuti mtunda wa sabata yonse usasinthe.

Sabata 3: mphindi 5, kawiri.
Sabata 4: mphindi 8, kawiri.
Sabata 5: mphindi 10, katatu.
Sabata 6: bwererani pa mphindi 8, kawiri.
Sabata 7: mphindi 15, katatu.
Sabata 8: mphindi 20, katatu.
Sabata 9: mphindi 25, katatu.
Sabata 10: bwererani pa mphindi 15, kawiri.
Sabata 11 ndi 12: mphindi 30 mpaka 40, kawiri kapena katatu.

Valani yatsopano koyambirira, miyendo isanatope. Zungulirani pafupi ndi nyumba kapena pabwalo la mpira, siyani yakale pageti, nthawi ikakwana sinthani. Inde, n'zotopetsa kuima kumasula zingwe mutangoyamba kutentha, komabe chitani. Liwiro likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu. Malo akhale athyathyathya, msewu wafumbi wosalala kapena udzu. Musavale yatsopano masiku awiri otsatizana.

Ngati nsapato yanu ndi ya 0 kapena yopyapyala kwambiri, khalani masabata awiri pa mzere uliwonse.

7. Masabata apakati: apa ndi pamene anthu amavulalira

Zimayenda chonchi. Sabata 3 ndi 4 akatumba amaphwanya, mumatsika masitepe chammbali, ndipo palibe amene amafunika kukuuzani kuti muchepetse. Cha m'sabata 5 kapena 6 kuphwanya kuja kumatha. Nsapato imamveka yopepuka, mumaona ngati mukuuluka, yakale ija imayamba kumveka ngati gambutsi. Tsiku lina mphindi 10 zikwana muli kutali ndi nyumba, anzanu akupitirira, inu n'kunena kuti lero ndingomaliza nayo. Mwathamanga makilomita 12 osamva kanthu. Muchitanso kawiri. Patapita masiku khumi, pamwamba pa phazi pali malo amodzi opweteka.

Chifukwa chake chili m'mene thupi limadzikonzera. Mnofu uli ndi magazi ambiri ndipo umasintha msanga. Mtsempha uli ndi magazi ochepa, umalimba pang'onopang'ono, m'miyezi iwiri kapena itatu ya ntchito yokhazikika. Fupa ndiye lili ndi khalidwe lakelake: likalandira katundu watsopano, thupi limayamba ndi kugumula malo otopa, kenako n'kumangapo fupa latsopano. Kugumula kumatenga masabata ochepa, kumanga ndi kuuma kumatenga miyezi. Zili ngati mmisiri wokonza khoma, amene amayamba wachotsa njerwa zong'aluka asanaike zatsopano, ndipo pakati pa ntchitoyo khoma limakhala lofooka kuposa mmene analipezera. Masabata amene akatumba anu asiya kudandaula ndi omwewo amene timafupa ta m'phazi tili ndi mipata.

Ofufuza a ku Brigham Young University, motsogoleredwa ndi Sarah Ridge, anaziona ndi makina ounikira m'kati mwa thupi a MRI mu 2013. Anatenga othamanga ozolowera, ena n'kuwasamutsira ku Vibram FiveFingers pang'onopang'ono kwa masabata 10. Mwa 19 amene anasintha, 10 anapezeka ndi kutupa kowonjezereka m'kati mwa mafupa a phazi. Amenewa sanalumphe tsiku limodzi, anapatsidwa ndondomeko, koma masabata 10 anachepabe kwa ambiri a iwo. N'chifukwa chake ndaika sabata 6 ndi sabata 10 zobwerera m'mbuyo. Muzichite ngakhale mukumva bwino, makamaka pamene mukumva bwino.

Tsono muyenera kuphunzira kumva ululu, chifukwa si wonse wofanana.

Kuphwanya kwa mnofu kumakhala pakati pa katumba, pamalo otakata, miyendo yonse iwiri. Kumakula tsiku lachiwiri, kumatha pofika lachitatu kapena lachinayi, ndipo kumachepa mukayamba kuyenda. Kumeneku n'kwabwinobwino. Dikirani kuthe musanavalenso yatsopano.

Mtsempha umalankhula m'mawa. Mukatsika pabedi, mapondedwe oyamba amakuuzani zoona. Ngati kuseri kwa kakolo, masentimita angapo pamwamba pa chidendene, kwauma kapena kukupweteka, n'kumasuka pakapita mphindi zingapo, mtsempha walandira katundu woposa umene ungakwanitse. Chonyenga chake n'chakuti ululuwu umatha mukatenthetsa thupi, ndiye pothamanga mumaganiza kuti mwachira, mawa lake wabwerera mokulirapo. Musaweruze ndi mmene mukumvera pamsewu, weruzani ndi m'mawa wotsatira. Tsinani mtsempha pang'ono ndi zala ziwiri, kuyerekeza ndi wa mwendo winawo. Ngati wina ukupweteka kapena wanenepa, bwererani ku nsapato yakale mpaka m'mawa itatu yotsatizana idutse popanda kuuma, kenako yambirani mizere iwiri kumbuyo pa ndondomeko ija. Ululu wobaya pansi pa chidendene pa mapondedwe oyamba a m'mawa muutenge chimodzimodzi.

Fupa limapweteka pamalo amodzi, oti mukhoza kuloza ndi chala chimodzi. Kawirikawiri ndi pamwamba pa phazi, kumbuyo kwa chala chachiwiri kapena chachitatu, nthawi zina pamsongolo. Mosiyana ndi mtsempha, ululuwu umakula pamene mukupitiriza kuthamanga. Mwina patupa pang'ono, mwina pamapweteka mukudumpha ndi mwendo umodzi, kenako ngakhale poyenda kapena usiku. Ambiri amaganiza kuti amanga zingwe kwambiri, amamasula n'kupitiriza. Apa palibe zochepetsa mphindi kapena zosintha nsapato. Siyani kuthamanga ndipo pitani kuchipatala. Dziwani kuti mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyamba, choncho chithunzi choyera sichikutanthauza kuti mwamasulidwa. Mukaugwira msanga ndi kupuma masabata ochepa. Mukaupondereza, ndi masabata 6 mpaka 8 kapena kuposa. Ululu wa pamwamba pa phazi chakufupi ndi kakolo, mbali ya m'kati, usachedwe n'komwe, chifukwa kafupa ka pamenepo kamachira movutikira.

Ndipo ngati mwamva ngati wina wakumenyani ndi mwala kuseri kwa mwendo, mwina ndi kaphokoso, n'kulephera kunyamula chidendene, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mtsempha ukhoza kukhala utaduka.

Ndikupemphani chinthu chimodzi m'masabata amenewa: musamwe Brufen kapena diclofenac kuti muthe kuthamanga. Ululu ndiye uthenga wokhawo umene muli nawo wochokera ku fupa ndi mtsempha, ndipo mukauzimitsa muthamanga mpaka chinthu chithyoke. Gulani kakope, kapena lembani pafoni m'mawa uliwonse nambala kuyambira 0 mpaka 10 ya katumba, mtsempha ndi phazi. Ululu wokwera pang'onopang'ono munthu sauzindikira mpaka atauona utalembedwa.

Idyani mokwanira. Ino si nthawi yochepetsa nsima kuti muonde. Usipa ndi matemba odyera minga yomwe, mkaka, nyemba, soya ndi masamba zimapatsa fupa zomangira, ndipo tulo tokwanira ndi mbali ya ntchitoyi.

8. Musakakamize kapondedwe

Ambiri akavala nsapato yotsika amayamba kuthamanga chonyang'ama, chidendene osakhudza pansi, poganiza kuti ndiye luso lake. Kumeneko ndi kupachika thupi lonse pa katumba ndi mtsempha kwa ulendo wonse. Ngakhale mutatera kutsogolo kwa phazi, chidendene chizitsika n'kukhudza pansi mofewa. Ndipo ngati mumatera ndi chidendene mwachibadwa, si tchimo, othamanga ambiri a mitunda yaitali amatero.

Chimene mungasinthe bwinobwino ndi kutalika kwa mapondedwe. Werengani kuti mwendo wamanja waponda kangati m'masekondi 30, muchulukitse ka 4. Mukapeza 160, yesani kufika cha m'ma 168 pa liwiro lomwelo, ndiko kuti mapondedwe afupiafupi, phazi likutera pansi pa thupi osati kutsogolo kutali. Kuonjezera ndi 5 mpaka 10 peresenti kumachepetsa katundu pa bondo ndi m'chiuno. Nambala ya 180 imene mumaimva inachokera kwa mphunzitsi Jack Daniels, amene anawerenga akatswiri pa Olimpiki ya 1984 ali pa mpikisano. Si lamulo la munthu wothamanga mwachifatse m'mawa. Mvetseraninso phokoso la mapazi anu, likachepa ndiye kuti zikuyenda.

9. Zitunda, liwiro ndi mtunda wautali zibwere pomaliza, chimodzichimodzi

Mukadutsa sabata 12 popanda chodandaula m'mawa, onjezani chinthu chimodzi n'kudikira masabata awiri musanaonjeze china. Yambani ndi timaliwiro tifupitifupi ta masekondi 20 pamalo athyathyathya. Kenako zitunda. Pokwera, kakolo amapindika kwambiri ndipo mtsempha umakokedwa koposa, choncho amene mumakhala ku Blantyre kapena ku Zomba, kumene msewu wopanda chikweza ndi wosowa, muzipewa zitunda kuyambira pa gawo 6, ngakhale zitatanthauza kuzungulira bwalo la mpira kambirimbiri. Mchenga wa kunyanja uli m'gulu lomweli, chifukwa chidendene chimamira kutsika kuposa zala.

Mtunda wautali ndi womaliza, poti akatumba akatopa phazi limasiya kudziteteza. Onjezani mphindi 10 pa sabata. Nsapato imene simunathamangire kangapo magawo atatu mwa anayi a mtunda wa mpikisano musapite nayo ku mpikisano, kaya ndi Porters Race ya ku Mulanje yokwera ndi kutsika miyala, kaya ndi Comrades ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg kwa abale athu a ku Joni. Ndi soli yopyapyala samalaninso tala wa masana mu Okutobala, amatentha mpaka matuza, ndipo minga ndi mabotolo osweka zimaboola mosavuta.

10. Sungani nsapato ziwiri, ndipo mukapuma bwererani m'mbuyo

Simukukakamizidwa kufika pothamanga makilomita onse mu nsapato yotsika. Gulu lomwe lija la ku Luxembourg linapeza mu 2015 kuti othamanga osinthasintha nsapato zosiyana ankavulala mocheperapo ndi 39 peresenti poyerekeza ndi odalira imodzi. Katundu akamagwera malo osiyanasiyana, palibe malo amodzi amene amatopa okha. Ambiri zimawayendera bwino akasiya yachidendene chokwera kuti ikhale ya mtunda wautali ndi masiku amene akatumba atopa, yotsika ikhale ya maulendo afupi ndi a liwiro.

Mukaima masabata awiri kapena kuposa, kaya ndi malungo, maliro, mayeso kapena ulendo, musayambire pamene munalekera. Yambani mu nsapato yakale kwa sabata imodzi, kenako lowani pa ndondomeko mizere itatu kumbuyo kwa pamene munali. Ngati mukufuna kutsikanso, tinene kuchoka pa 6 kupita pa 2, khalani kaye miyezi iwiri pa 6 mukuthamanga bwinobwino, yesaninso miyendo monga pa gawo 3, ndipo yambiraninso pa gawo 5 ndi masabata awiri oyenda chabe.